Ndandanda Kuseri kwa Kope

Ndaulemba kuseri kwa kope la Masamu,
kumene a Chimphamba safikako akamachonga.
Kamera ndi yobwereka,
ya mlamu wake wa Gomezgani, wojambula maukwati,
ndipo Loweruka kuli ukwati ku Santhe.
Loweruka ndalikhwatcha.
Atsala masiku atatu.

Lachitatu, tambala wachiwiri: phiri la Kasungu.
Ndaziona akufuna dzuwa limupeze pathanthwe,
manja atatambasula, chitenje chikuuluka.
Ndamuuza kuti dzuwa silidziwa kubwereza.
Ukaphonya mawu, sitingaliuze kuti
bwerera kunsi tiyambirenso.
Waseka.
Ndalemba kuti tidzanyamuke folo koloko.
Waleka kuseka.

Masana ndasiya mzere wopanda kanthu.
Mayeso a boma ali pakhomo,
ndipo kunyumba amadziwa kuti ndimatsalira kuwerenga.

Lachinayi madzulo, m'chigafa cha a Mphonongo,
pakati pa fodya wolendewera wofiirira ngati uchi.
Tinapempha kawiri.
Koyamba anati fodya sakonda phokoso.
Kachiwiri anati, bola chitsiriza wanga aonekemo.
Chitsirizayo mano akutsogolo anaguluka,
amaseka ngakhale pamaliro a nkhuku,
pomwe nyimbo yathu ndi ya mtima wosweka.
Ndamupatsa masekondi anayi:
asenze ndowa, adutse kumbuyo, asatiyang'ane.

Batire limatha pa ola limodzi ndi theka.
Magetsi nawo ali ndi ndandanda wawo
umene sanationetse.
Choncho m'mphepete mwa tsamba ndalemba dzina la Fayisoni,
wometa wa pafupi ndi depoti uja,
mwini jenereta yotsokomola.
Kutchaja ndi faifi handiredi,
kuphatikiza kumvera nkhani zake za mpira.

Nanga Mzati.
Akuti sangavine ndi nsapato za kusukulu.
Zoyera zija ndi za mkulu wake, mlonda wa pagolosale,
ndipo zimapezeka Lachisanu lokha
mwiniwake akagona tulo ta usana.
Ndiye Lachitatu ndi Lachinayi
tidzamujambula kuyambira m'chiuno kupita kumwamba.
Miyendo yake idzalowa m'nyimbo
patatha masiku awiri mutu utalowa kale.

Lachisanu lomwelo, mumsika, mzere wa tomato:
apa Ndaziona ayenera kulira akuyenda.
Tayesera katatu kuseri kwa labu,
misozi yakana.
Pa zogula ndawonjezera anyezi mmodzi.
Tinasonkha ndalama m'chitini cha mafuta odzola,
kabaza wadya theka tisanakwere n'komwe,
zotsala ndi za mandasi asanu ndi awiri
ndipo anthu tilipo asanu ndi atatu.

Mitambo ikadzachokera mbali ya ku Lifupa
ndilibe mzere woilembapo.

Gomezgani wawerenga zonse ndi chala,
kenako akuti, nanga iwe udzaonekera pati?
Ndayang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi.
Muli phiri, muli anyezi, muli nsapato za mlonda.
Ndati manja anga adzaomba kamodzi
chithunzi chilichonse chisanayambe,
kuti mawu ndi milomo zidzakumane.
Wati, amenewo timadula.
Ndati ndikudziwa.

Lolemba a Chimphamba atolera makope.
Ndaiwala kung'amba tsamba.
Usiku wonse ndamva phirilo litandikhala pachifuwa,
ndikuwerenga malata m'malo mwa maola.

Lachiwiri kope labwera.
Kutsogolo ndapeza zinayi pa khumi, monga mwa masiku onse.
Kuseri, inki yofiira yazungulira Lachitatu,
ndipo pansi pake, m'zilembo zawo zopendekera:
Mwawerengera nthawi yokwera phiri,
yotsika mwaiwala.
Belu limalira hafu seveni.
Konzani, mundionetse.