Choko cha Telala

Imabwera tambala asanalire,
ndipo sigogoda.
Ndimangoipeza yakhala kale pachifuwa panga
ngati thumba la kachewere
lomwe anyamata a ku Tsangano aiwala kutsitsa.
Kunja Ulongwe uli zii, chifunga chakuta mabulugama,
galu wa a Bonifasio wauwa kawiri n'kuleka,
koma mtima wanga ukupalasa makina,
ukusoka, ukusoka,
nsalu palibe.

Imayamba ndi mafunso.
Kodi chapa cha Firimino chadutsa pa Musakama?
Mabuleki aja ankati akulira, anakonzetsa?
Nanga mametikali a lendi?
Nanga diresi la mwana wa a Nazunga, ndikalidula mokhota?
Nanga chotupa chili pakhosi pa mng'ono wanga Benedita?
Ndisanayankhe limodzi, asanu afola kale pamzere
ngati odwala Lolemba m'mawa.

Ndinapitako kuchipatala, ndinkati ndi mtima.
A Domingasi anandimanga lamba pamkono, napopa, nayang'anitsitsa,
nati, Mayi, mtima uwu ungakoke ngolo mpaka ku Domwe.
Chikukudyani ndi nkhawa.
Ndinaseka ndi manyazi. Nkhawa n'kudwala?
Anati inde, ndipo dzulo lokha ndaona atatu,
mmodzi ndi bambo wa tayi.
Anandiphunzitsa kupuma, ine mayi wa zaka makumi asanu:
kokani mpweya, werengani mpaka zinayi,
gwirani kaye,
tulutsani pang'onopang'ono
ngati mukuuzira makala a m'nsimbi
koma simukufuna phulusa ligwere pa malaya a mwini.

Za choko ndinatulukira ndekha.
Ndili ndi chidutswa cha nsalu yakuda
chinatsala pa siketi ya maliro.
Funso lililonse likabwera ndimalemba mzere umodzi,
ndi kuliuza, Khala apo, tionana madzulo.
Ndiye ndimatsegula chitseko cha shopu,
kuthira mafuta pa makina, kulowetsa ulusi.
Diso la singano silifuna munthu amene ali ku Moatize m'maganizo,
limafuna uli pompano.

Madzulo ndimayala kansalu kaja.
Firimino waimba: Mayi, ku Tete kukutentha,
mpaka mbuzi zikukanganirana mthunzi wa mlatho.
Ndasasa mzere wake.
Diresi lakhala, mkwatibwi wazungulira katatu pagalasi.
Ndasasa.
Lendi ndapereka theka, mwini nyumba wang'ung'udza koma walandira.
Ndasasa theka.
Fumbi loyera pa zala, basi.
Tsiku lonse ndimaopa fumbi.

Sindinama, masiku ena choko sichithandiza.
Manja amanjenjemera, sizasi imandithawa,
phokoso la msika limandilowa m'mano.
Pamenepo ndimatseka, ngakhale dzuwa lili paliwombo,
n'kupita kwa a Terezinya ogulitsa kabichi.
Safunsa kanthu. Amangosuntha pabenchi,
n'kundipatsa mpeni ndi beseni,
tizisadza masamba ofota limodzi
mpaka mpweya utabwerera kwawo.
Tsiku lina anangoti, Inenso yanga imabwera Lamlungu, tikatuluka m'tchalitchi.
Sitinawonjezepo mawu.

Mzere umodzi sukuchoka.
Wa Benedita.
Umenewo si fumbi, ndaukhudza ndi chala changa.
Lachinayi tikwera chapa cha mbandakucha,
ndamusokera kale kapulana wa maluwa achikasu
kuti adokotala a ku Tete akaone kuti ali ndi abale.
Chimene akanene sindikuchidziwa,
ndipo usiku uno sindingachisoke kapena kuchisomola.

Ikabweranso tambala asanalire
sindidzaitukwana, ndatopa nazo.
Ndidzayatsa nyali n'kuiuza,
Wabwera? Chabwino.
Tsika pachifuwapo, khala pampando,
gwira nsonga ya nsaluyi ingakhudze pansi,
ine ndili ndi mayunifolomu asanu ndi awiri
ofunika Lolemba.