Wa Chidebe pa Chipata cha Msika wa Ulongwe

Ntchito anandipatsa ndi iyi:
chidebe chofiira, kampopi kodontha,
sopo wodula patatu kuti asabedwe yense.
Wosasamba m'manja salowa.

Nkhope zinabisala m'nsalu kalekale,
anthu ndimawazindikira ndi manja tsopano.
Awa a dothi m'zikhadabo ndi a Zefelino,
mbatatesi zawo za ku Tsangano zikumera m'matumba
poti ogula akutsidya kwa malire sakubwera.
Awa onunkha dizilo ndi a kondakitala wa shapa ya ku Tete,
amangonyowetsa nsonga za zala, maso ali kumsewu.
Ndimam'bweza. Amatukwana, nsalu n'kumeza mawuwo.

Mayi Jowakina ankasamba ngati akusambitsa khanda,
chala chimodzichimodzi, mphete n'kuisuntha,
kenako n'kundisiyira nthochi pachivundikiro.
Papita milungu itatu.
Pamalo pawo pakhala mdzukulu,
timanja tosadziwa kuwerenga chenji.
Sindinafunse. Maliro a masiku ano
amatha anthu asanamve.

Thovu lauma pafumbi, dzuwa lapendeka.
Madzi atsala pang'ono ndipo mjigo uli kutali.
Wotsatira, senderani, tambasulani manja ndikuoneni.