Chimene Sindinalembe

Mutu wachiwiri unandidyera Juni yense.
Ku Luwinga nkhungu inkalowera pazenera la laibulale,
zala zitauma gwa, ndikuvundukula mabuku a anthu
amene anafika kale kumene ine ndinkapita.
"Usanakumbe chitsime," anatero a Sichinga,
cholembera chofiira chili kukamwa,
"yamba wafunsa amene anakumba pafupi.
Ukatunga m'chawo, utchule mwini."

Ndinatunga.
Wina analemba za amayi ophwanya miyala
zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.
Wina anawerenga ndowa zawo, wina anayeza zifuwa zawo,
wina anangonyamula mawu a woyamba uja
osasuntha ngakhale mpatuliro, osatchula mwini.
Ndinamugwira pa tsamba 14 ngati mbuzi m'dimba la eni
ndipo ndinaseka ndekha.
Koma usiku wa Lachinayi, magetsi atathima,
foni itatsala ndi kamoto kochepa,
ndime ya munthu wina inandiyang'ana, yosalala, yakupsa kale,
chala changa n'kuima pamwamba pake
nthawi yaitali kuposa imene ndingavomere pamaso pa amayi anga.
Ndinaimanga m'mitengero.
Ndinalemba dzina la mwini, ndi chaka.

Wakabaza ananditsitsa ku Mchengautuwa,
matope ofiira mpaka m'akakolo.
Iwo anakhala pathumba, nyundo m'manja,
mulu wa kwale ukukula pakati pa miyendo yawo.
Ndinawawerengera chikalata mzere ndi mzere:
mukhoza kukana, mukhoza kusiyira panjira,
ndalama palibe, dzina lanu silidzatuluka.
Nyundo sinaleke.
"Anabwera anzako," anatero, Chitumbuka chikutsogola, Chichewa pambuyo.
"Anajambula, anamwa madzi anga.
Mwana wanga anakandipeza m'buku kusukulu kwawo,
dzina, ngongole, ndi matenda omwe."

Bukulo ndinkalidziwa.
Linali m'chikwama changa, likundigunda m'nthiti,
dzina lawo nditalilemba mzere kunsi
ndi mawu anga m'mphepete: umboni wabwino.

Ndinafuna kunyamuka. Anandikankhira njerwa: khala.
"Dzina labodzalo asankhe ndani?"
Ndinati, inu.
Anaganiza, miyala itatu inasweka.
"Lemba Fumbani. Linali la mlongo wanga.
Kwanu mumati funsani."
Chala chawo chinakana kudinda bwino papepala,
miyala inadya kale mizere yake;
panatsala kadontho kabuluu kopanda njira,
ndipo tinayesa kachiwiri, tikuseka.

Mphindi makumi anayi makina anamva:
mtengo wa wilibala, malole amene amatenga pangongole,
fumbi limene limagona nawo pachifuwa.
Nditazimitsa, mvula yamawawa itayamba,
anandiperekeza mpaka pamsewu.
Pamenepo ndi pamene ananena chinthu chija.
Chikanaimika kafukufuku wanga yense pa miyendo iwiri.
A Sichinga akanavula magalasi.
"Ichi ndauza iwe," anatero, "osati pepala lako."

Mu Okutobala ndinapereka ntchito.
Kumapeto kuli mayina makumi anayi ndi limodzi,
aliyense ndi chaka chake, aliyense ndi chitsime chake,
ngakhale wa buku lija,
koma pomutchula ndinasiya dzina la mayi uja kunja
n'kulemba chifukwa chake m'mizere iwiri youma.
Pa tsamba 63 cholembera chofiira chinazungulira ndime:
"Apa pawonda. Sananene china?"

Ndinayang'ana panja.
Nkhungu inali itachoka, mitengo ya paini ili njo,
lole ya kwale ikukwera mtunda, ikutsokomola utsi.
Ndinati, "Zimene anandilola ndi zomwezo."
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi,
nthawi yokwana kuphwanya mwala umodzi,
kenako anatembenuza tsamba.