Fungo la ku Marlborough

Linayamba Lachinayi, magetsi atangobwera,
makina a kudenga atatsokomola n'kuyamba kupuma.
Mayi Mandizvidza anaima pakati pa balaza,
mphuno m'mwamba ngati ofuna kuyetsemula,
kenaka maso awo anatsikira pa ine.

"Gelesomu, matemba ako aja wawasunga pati?"

Sindinayankhe.
Zaka khumi ndi zinayi pa nyumba ino
zandiphunzitsa kuti fungo likasowa mwini
limakagona kuchipinda cha wantchito.

Tinatsuka firiji. Tinasuntha makabati.
Jiki tinathira m'sinki mpaka maso kuwawa.
Iwo anayatsa makandulo onunkhira maluwa,
koma chovunda sichimva maluwa,
chimangovala diresi.

Ndine ndinalitulukira khalidwe lake:
magetsi akathima limagona,
akabwera pakati pa usiku limadzuka
n'kuyendera zipinda ngati mwini nyumba,
kutulukira pa timazenera ta malata ta m'siling'i.

Loweruka ndinakwera.
Tochi ya foni, majumbo awiri m'malo mwa magolovesi,
kansalu konyowa pamphuno.
Kudenga kunali ng'anjo ya Okutobala,
maluwa ouma a jakaranda atalowera m'ming'alu ya matailosi.
Ndinakwawa pa mitanda, bondo ndi bondo,
kugogoda mpope wa mpweya ngati mlendo wofunsa njira,
mpaka ntchentche zobiriwira zinandiuza: pano.

Masikuluwu anayi. Lachinayi linakana, ladzimbiri,
ndinalinyengerera ndi mpeni wa kukhitchini.

Ndinamupeza pokhota,
pomwe mpope umatembenukira kuchipinda cha abwana.
Khoswe wamkazi, wamkulu ndithu,
mimba itatupa ndi mankhwala omwe ndinagula ndekha ku Mbare
kwa mnyamata wa chimkuzamawu chosasa.
Mphutsi zinali kale pa ntchito, zosafunsa malipiro.
Pansi pake, chisa:
ulusi wa bulangete, nthenga za nkhunda,
ndi ndalama zakale zija za maziro osawerengeka
zomwe abwana anaziiwala m'katoni,
atazitafuna bwinobwino,
mabiliyoni ofewa ogonekapo ana.
Anawo asanu, opanda ubweya,
ouma ngati nyemba zosiyidwa m'munda.

Ndinayamba ndakhala kaye kumeneko,
thukuta likudontha pa malata.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu ndi kasutikesi,
anathera msana m'minda ya fodya ku Mvurwi,
akugona ku Mbudzi, m'manda a manambala.
Kuno ankawanena kuti alibe mfunda,
chonsecho ndife a Mbewe,
ndipo ndinaseka ndekha mumdima
poona amene ndabwera kudzamunyamula.
Nawonso ankadutsa kuseri kwa nyumba za eni,
phazi lopepuka, osakhosomola.
Eni munda anawafunsa dzina lenileni
tsiku lolemba chikalata cha imfa.

"Wapeza?" mawu anakwera kuchokera pansi.
"Ndapeza, mayi."
"Usandionetse."

Ndinakokolola zonse, chisa ndi eni ake,
ndinapukuta mpope ndi jiki katatu,
kufikira pomwe mkono unathera.
Bowo lomwe analowera, kuseri kwa giza,
ndinalitseka ndi sefa ya waya ndi misomali yokhota.

Anati ndikataye m'bini.
Koma galimoto ya khonsolo
yatha masabata atatu osaoneka mumsewu muno.
Ndinakumba kuseri kwa mtengo wa mapeyala,
mozama, kuti galu wa Pfumo asafukule,
n'kupondapo ndi chidendene.
Sindinapemphere. Ndinangovula chipewa, kunkatentha.

Madzulo anandipatsa madola asanu
ndi buledi wadzulo.
Za matemba sanazitchulenso.

Tsopano nyumba ikupuma bwino, akutero.
Ine ndasamba kawiri ndi sopo wobiriwira
koma lidakali m'zikhadabo.
Ndagona chagada m'kachipinda kanga kopanda mpope,
zenera lotsekula, udzudzu ukulowa mwaufulu,
ndipo pamwamba pa malata anga
kena kake kakuthamanga, kaima,
kakuthamanganso.
Mankhwala otsala ali m'chitini pansi pa bedi.
Sindinadzuke.