Dazi ndi Mphini

Ntchito yanga n'kumata matayala pa Luchenza,
pansi pa bulugamu, kufupi ndi njanji.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuuza anthu mawu amodzimodzi:
tayala likatha mano, kadulireni nkhwaira.

Ndiye Feliya Namukhoma anabwera kuchokera ku Joni
ndi matayala awiri opanda dzino n'limodzi lomwe,
osalala ngati dazi la kalaliki wopuma,
nati ngatsopano, dzina lake siliki,
mtengo wake ng'ombe ya mkaka.
Ndinaseka mpaka chubu chinandipulumuka m'beseni.

Ena awiri anali ndi mphini zowerengeka,
ziwiri uku, ziwiri uko, basi.
Awa ndi rediyali, anatero,
m'mimba mwake muli waya.
Ndinawakanikiza ndi chala m'nthiti, chala chinabwerera.

Lamulungu, pa kabwalo kakale ka ndege ka ku esiteti,
tiyi kumanzere, tiyi kumanja,
phiri la Mulanje likutiyang'ana ngati silikufuna kudziwa.
Mamita mazana anayi.
Palibe kona, palibe kukambirana.
Lifeyo anaima kumapeto ndi wotchi ya pa foni.

Tinayamba ndi a dazi.
Phwetsa, anatero Feliya. Ndinaphwetsa.
Phwetsanso.
Mtima wa womata matayala unandiwawa.
Anawazunguza pamalo amodzi mpaka utsi unatitsamwitsa,
mphira n'kufewa, n'kunanda ngati ulimbo.
Ataponda moto
ndinaona nthiti za tayala zikuchita makwinya,
likukhala pansi, likukumbatira phula
pamodzi ndi fumbi lake, ming'alu yake, timiyala take,
osafunsa kuti wasesa ndani.
Phazi lake linali lolemera, tayala linamukhululukira.
Koma chakumapeto uko
mbuyo ya galimoto inayamba kudzandira pang'ono
ngati munthu wochokera kokawa ndi kachasu,
ndipo Lifeyo anathawira m'tiyi, wotchi ili m'mwamba.
Masekondi khumi ndi atatu, ndi kanyenyeswa.

A mphini sanafune nthabwala.
Ulendo woyamba anapeza fumbi,
anazungulira, kulira, kuzungulirabe,
galimoto ili pomwepo ngati yamangidwa chingwe.
Tayala ili likaterereka silibwerera m'mbuyo kudzapepesa.
Feliya anatuluka osalankhula.

Amayi atatu othyola tiyi, ochokera ku tchalitchi,
anatibwereka matsache awo pa mtengo wa Fanta.
Tinasesa. Tinasesanso.
Iye anakhala m'galimoto, maso otseka,
akuphunzitsa phazi lake ulemu.

Ulendo wachiwiri kunalibe makwinya, kunalibe phokoso lambiri.
Inangochoka,
mowongoka ngati ulusi wa mmisiri womanga nyumba,
chiwongolero osagwedezeka.
Lifeyo sanathawe.
Anayang'ana foni kawiri, n'kuipukuta pa malaya:
kanyenyeswa kaja kadyedwa.

Tinali tisanayambe n'kukangana komwe
pamene chiperoni chinatsika ku phiri,
kamvula kopanda mawu, konyowetsa nsidze.
Phula linachita mdima.
Feliya anagwira dazi lija ndi dzanja lonyowa,
dzanja linatsetsereka lokha.
Pamadzi ili ndi sopo, anatero,
ndipo linzakeli musalikhulupirire kwambiri.
Tinabwerera mu giya yachiwiri,
anyamata a kabaza akutipitirira, akuimba belu.

Anthu akhala akundifunsa kuti labwino ndi liti.
Ndimati kagwireni kaye phulalo ndi chikhatho,
mubwere mundiuze ngati lasesedwa,
mundiuzenso ngati phazi lanu limamva kamodzi.
Ambiri amachoka atakhumudwa.

Lolemba m'mawa kunabwera minibasi ya ku Muloza,
tayala lakumbuyo mawaya ali pamtunda.
Dalaivala, nkhani itamupeza kale,
anandimwetulira: bwana, langanso ndi siliki.
Ndinatenga jeke osamuyankha.
Nkhwaira zinatuluka mapeya atatu.