Kalembera m'Chibavi

Anandipatsa chikwama, cholembera ndi mafunso makumi anayi,
koma za nsapato palibe anandiuza.
Ine wa ku Nsanje, kumene thukuta limatigoneka pabwalo,
ndinatsikira m'Chibavi nditavala patapata,
m'Juni, m'mamawa,
nkhungu itameza ngakhale mtanda wa pa tchalitchi.
Mvula ya kuno siigwa, imangoyandama,
imakulowa m'khosi ngati mphekesera.

Nyumba yoyamba, Nyausisya akukupiza mbaula pakhonde.
"Monire," anatero. Ine ndinati, "Ndili bwino,"
tonse tinaseka.
Anthu asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri,
wachisanu ndi chitatu ali ku Joni zaka zinayi tsopano.
"Mulembeni ndithu," anatero,
"bulangete lake likadali muno."

Kuseri kwake, mpanda umodzi, zitseko zisanu, mpopi umodzi.
Mwakilasa wa ku Karonga amayeza kilombero ndi mbale yopindika.
Che Ndembo amasoka mayunifomu,
amadzutsa bwalo lonse ndi chifuwa popita ku mzikiti.
Mtonga wa ku Chintheche akuti batala amafika kuno atatopa.
Mayi wa ku Mbeya, wa zitenje ku Taifa,
amawerenga ndalama m'Chiswahili, amakalipa m'Chitumbuka.
Pa okala, Niyonkuru anandiyang'ana nthawi yaitali
asanatchule kwawo.
Ndinalemba pang'onopang'ono
kuti aone kuti dzanja langa si la apolisi.

A Zgambo ndinawapeza m'majekete awiri.
Chaka chobadwa?
"Lemba chaka chimene azungu anadzala tungu.
Bambo anga ankatola njere zake pa esiteti,
tauni yonseyi inamera m'mithunzi ya mitengo imeneyo.
Mitengo inatha, ife tinatsala.
Pamene waimapo panali dambo, achule okhaokha."
Kenaka anandilowetsa m'nyumba
kundionetsa mzere wakuda pakhoma, wofika m'chiuno.
"Wa mu Epulo uwo.
Madzi saiwala pakwawo, amabwera kudzaona alendi ake."
Funso limenelo pa pepala langa panalibe.

Cha m'ma leveni dzuwa linasuzumira,
waya aliyense anadzaza matewera ndi masokosi,
akabaza anavula mapepala a pulasitiki m'mitu.
Isanakwane wani, nkhungu inabwerera kuchokera ku Kaning'ina,
amayi akuthamangira zovala m'zinenero zinayi.

Nyumba ya nambala sikisite-thuu
ndinapeza mtsikana yekha, Tuntufye, wa folomu thuu.
Mtundu wanu?
"Adada ndi a ku Chitipa, amama ndi a ku Mangochi,
koma amene anabereka amama anali Mngoni wa ku Ntcheu."
Ndiye ndilembe chiyani?
"Kabokosi nkamodzi?"
Kamodzi.
Anayang'ana matope a m'zala zanga,
analowa m'nyumba, natuluka ndi majombo a mchimwene wake.
"Mubweze Lachisanu.
Pamenepo lembani kuti wa m'Chibavi."

Usiku ku Katoto ndinawonkhetsa:
mazana atatu ndi khumi ndi anayi,
osawerengera wa ku Joni,
osawerengera khanda limene linali lisanatuluke m'chikuta,
lopanda dzina, likudikira
kuti agogo a mbali ziwiri agwirizane chinenero.
Kabokosi ka Tuntufye ndinakasiya kopanda kanthu.
Bwana adzandifunsa Lolemba.

Ndinaimbira amayi ku Nsanje.
Akuti kwatentha, mbuzi zikubisala pansi pa ngolo.
Ndinati kuno ndikuona mpweya wanga womwe ukutuluka m'kamwa.
"Nanga anthu ake ngotani?"
Ndinayang'ana majombo pakhomo,
aakulu kuposa mapazi anga, matope asanaume,
ndipo ndisanayankhe
mayunitsi anatha.