Difu ya Landirova ya a Jafali

Kachitsulo ka nambala
dzimbiri lidakadya kalekale,
mapepala ake adatha ndi chiswe.

Ndiye tayikweza pa jeke pano pa Kaphatenga,
matayala akumbuyo ali lende.
Twaibu, khala tsidya ilo, diso pa linzakelo.
Ndapukusa langa chakutsogolo.
"Kuno likubwerera m'mbuyo!"

Basi, ndi difu wamba iyi.
Akadayendera limodzi ngati ng'ombe zapangolo
ndikadati muli zogwirana m'mimbamo.
Koma iyi mphamvu zonse imapatsa tayala laulesi,
lija longoseweretsa matope ku Lifuwu,
linzake lili duu pouma,
kudikira.

A Jafali ayang'ana oilo wakuda
akudontha pa katoni,
akanda ndevu:
"Ndi mmene ndidalerera ana anga."